Nthuli Imene Mutasim Anailumbirira

Wasfiya anali atangomasula msoko wa thalauza lachitatu pamene foni inalira pansi pa mulu wa nsalu. Anaisiya kaye ilire. Pakamwa anali atalumira mapini, ndiponso munthu woimba foni Lachitatu m'mawa sakhala kuti akungokufunira mafuno abwino, amakhala pali chimene akufuna. Inasiya, n'kuyambanso. Anaifukula. Anali achimwene ake, a Irsheid.

"Mlongo, wakhala pansi?"

"Ndili pa makina, achimwene. Nenani msanga."

"Mutasim wagula nkhosa."

"Ndiye ndivine?"

"Tamvera kaye, mkazi wopanda chipiriro iwe. Lachisanu tikatuluka ku mzikiti akuitana mkulu wake kunyumba kwake. Wandituma ndi pakamwa pake. Ntchito ija ya ku Qatar yatheka, Loweruka akukwera ndege, zaka ziwiri. Akuti sachoka m'dziko muno asanapise dzanja m'mbale imodzi ndi Fawwaz."

Wasfiya analavulira mapini m'dzanja. Zaka zitatu wakhala akupempherera foni imeneyi, m'mawa ndi madzulo, mpaka mawondo kuchita zikang'a. Ndiye yabwera lero. Bwenzi itabwera miyezi iwiri yapitayo, kapena chaka chamawa. Koma ayi, yasankha sabata yachisanu.

"Wangoti zii? Ndimayesa ulira ndi chimwemwe."

"Ndikulira, simukumva? Ndimuuza."

Ana ake aamuna anali awiri okha. Fawwaz, wamkulu, ankayendetsa basi ya pakati pa tauni yawo ya Karak ndi mzinda wa Amman, ndipo ankakhala ndi mkazi wake Tahani pamwamba pa nyumba yomweyi. Mutasim, wamng'ono, wokonza magetsi, ankakhala tsidya lina la tauni. Fawwaz anabadwa wonenepa ndipo anakula akunenepabe. Mutasim anabadwa ndi pakamwa. Pa ukwati wa msuweni wawo, mbale za mansaf, mpunga wa nyama ya nkhosa, zikulowa mu tenti, Mutasim anakuwa kuti, "Anthu inu fulumirani, achimwene asamba kale m'manja!" Tenti yonse inagwa ndi phwete. Wina anajambula pa foni. Fawwaz anayenda pang'onopang'ono kudutsa pakati pa anthu, n'kumuwomba mng'ono wake khofi pamaso pa amuna mazana awiri. Kuyambira pamenepo sanalankhulanenso. Koma mawu aja sanafe. Mpaka lero akakwera mu basi, pamakhala wina kumbuyo woti, "Fulumirani, asamba m'manja."

Ndiye masabata asanu apitawo Fawwaz anauza anthu kuti akupita kunyanja ku Aqaba kukapuma, koma anapita ku chipatala china ku Amman, madokotala n'kumudula chifu kuti achepe thupi. Anachotsa mbali yaikulu, n'kumusiyira kachidutswa kangati nthochi. Odziwa anali awiri, Tahani ndi Wasfiya. Ndipo asanapite anatengera mayi ake ku manda a bambo ake, n'kuwauza kuti alumbire pomwepo kuti sadzauza munthu.

"Akadzamva, adzati ndalephera kutseka pakamwa panga mpaka andisoke ngati thumba," anatero tsikulo. "Ndikufuna ndidzangotulukira tsiku lina, andione, asowe chonena."

Wasfiya analumbira. Anatopa ndi kuima padzuwa, ndipo mwana anali akulira.

Anasiya thalauza pa makina n'kukwera masitepe, dzanja pa bondo. Anamupeza Fawwaz ku khitchini ali chiimire pa sikelo. Anatsika, n'kuisunthira pa thailosi lina, n'kukweranso.

"Ukaisunthira panja mwina ikuuza zina," anatero Wasfiya.

"Yawonongeka iyi. Masiku naini ili pamodzimodzi."

"Sinawonongeke. Dokotala ananena kuti zimaima, kenako zimayambanso. Ndinalipo. Ananenanso kuti chaka, mwina chaka ndi theka. Iwe unali kalikiliki kuona zithunzi za pakhoma."

Fawwaz analowa m'chipatala ali ndi makilo handiredi fifite-wani. Tsopano anali atataya khumi ndi atatu, ndipo palibe amene anaona. Nkhope ndiyo inali itagwa pang'ono, maso kulowa, ngati munthu amene wadwala malungo. Iye ankayembekeza kuti pakutha mwezi adzakhala ngati amuna a pa zithunzi za mu foni, amene amaima atagwira thalauza lakale loti mungalowe anthu awiri. Anabweretsa mathalauza asanu ndi awiri kwa mayi ake kuti achepetse zala zinayi m'chiuno. Wasfiya atayeza ndi tepi anapeza chala chimodzi ndi theka. Mu wadiropu munali suti yabuluu yaing'ono kwambiri, idakali mu pulasitiki, yodzavala tsiku lokaonekera kwa mng'ono wake.

Pa tebulo panali chakudya chake cha m'mawa: dzira lofewa pa kasosala ka khofi, ndi kasupuni ka mwana. Pepala la dokotala analimata mkati mwa chitseko cha kabati, kuti alendo asalione. Masupuni atatu kapena anayi. Tafuna mpaka chisanduke madzi. Usamwe madzi pakudya, dikira theka la ola. Nyama yolimba, mpunga ndi buledi, ayi, mpaka dokotala anene.

Wasfiya anamuuza za nkhosa. Fawwaz anakhala pa mpando, mpando n'kulira.

"Loweruka?"

"Loweruka. Zaka ziwiri."

"Bwanji sanadikire?" Ananena motsitsa, ngati akufunsa dzira.

"Adikire chiyani? Akudziwa chiyani iye? Ndimasule lumbiro lija ndimuimbire pompano. Ndimuuze kuti mkulu wako amuchita opaleshoni, umuphikire msuzi basi. Mawu awiri okha."

"Ayi."

"Ndiye kana, usapiteko."

"Ndikane amalume? Munthu wandiphera nkhosa, ine ndikane, mawa ndidzayenda bwanji mu Karak?"

"Kupita sukufuna kusiya, kunena sukufuna. Ukadya chiyani? Ukatafuna mpweya?"

"Ndikaseweretsa mpunga m'manja. Pa mbale pamakhala anthu ambiri, ndani amawerenga?"

"Aliyense amawerenga," anatero Tahani ali pa sinki, osatembenuka. "Makamaka pa inu."

"Iwe tsuka mbale."

"Ndikutsuka. Kasosala kamodzi. Ntchito yandichepera masiku ano."

Fawwaz anatenga kasupuni, nadya, natafuna dzira loti silifuna kutafuna. Supuni yachitatu anaima, nagwira pachifuwa, nakankha sosala. Maso ake anali pa buledi wa Tahani. Wasfiya anayang'ana kumbali. Zaka makumi anayi wakhala akudziwa chochita mwana ameneyu akakhumudwa: umayatsa moto. Tsopano manja ake analibe ntchito, ndiye chifukwa chake anavomera mathalauza.

"Ukanene kuti m'mimba sukupeza bwino," anatero potsika. "Bodza limenelo ndi theka la chilungamo, Mulungu akhululuka."

Lachisanu Fawwaz anayesa suti yabuluu. Wasfiya anamva ali pansi, kulimbana, kupuma, kenako chitseko cha wadiropu kumenyetsedwa. Anatsika atavala mkanjo wake wotuwa wa masiku onse.

Kwa Mutasim anali atamanga tenti pabwalo. Akazi anali m'nyumba, ndipo Wasfiya anakana mpando wa ulemu umene mpongozi wake Suhad anamukonzera, nakakhala pa kasitulu ku khitchini, pafupi ndi zenera loyang'ana pabwalo. Anati akufuna mphepo. Tahani anaima kumbuyo kwake.

Poyamba zonse zinayenda bwino, mwina kuposa mmene anapempherera. Mutasim anatuluka pa geti wopanda nsapato. Imvi zinali zitamera m'mbali mwa makutu ake, ndipo Wasfiya anaona Fawwaz akuziona. A Irsheid anayamba mawu awo aja akuti chibale ndi fupa sichiwola, koma asanafike pakati, Mutasim anali atagwira mutu wa mkulu wake n'kuupsompsona.

"Achimwene, pakamwa panga ndi pa galu."

"Ndikudziwa. Dzanja langanso ndi la bulu."

"La bulu ndithu, khutu ili mpaka lero limalira."

Amuna anaseka, kuseka kwabwino. Khofi wowawa anazungulira, Fawwaz namwa kakapu kake, nakagwedeza kusonyeza kuti wamukwana. Wasfiya anapukuta maso ndi nsonga ya mpango n'kukalipira Suhad kuti mtedza wa maamondi ukupserera.

Kenako mbale zinatuluka, iliyonse amuna awiri kunyamula. Yoyamba, yokhala ndi mutu wa nkhosa pamwamba, anaiika pakati. Amuna anapinda malaya, naima mozungulira, dzanja lamanzere kumbuyo. Mwini nyumba sadya, ntchito yake ndi kuthira msuzi wa jamid, wa mkaka wowumitsa, ndi kunyotsola nyama, koma a Irsheid anati lero lamulo limenelo ligone, abale adye pamodzi. Mutasim anaima moyang'anizana ndi mkulu wake.

Pa mansaf palibe chobisika. Aliyense amadya patsogolo pake, ndipo patsogolo pa aliyense pamakumbika dzenje. Wasfiya ankaona maenje akukula kuzungulira mbale, la a Irsheid, la apongozi a Mutasim, la oyandikana nawo nyumba. Patsogolo pa Fawwaz panali phiri. Ankaumba mpira wa mpunga, kuugubuduza m'dzanja, kuuphwanya, kuumbanso. Kamodzi ananyambita chala. Nyama imene Mutasim ankamuponyera inkangounjikana.

"Idyani achimwene."

"Ndikudya."

"Mukudya kapena mukuumba njerwa?"

"M'mimba simuli bwino masiku ano."

Mutasim anaseka pang'ono, koma kuseka kunathera panjira. "M'mimba mwa ndani? Inu munadya phewa lonse la nkhosa muli ndi chimfine chokugonetsani masiku atatu. Ndinalipo."

"Ndakhuta, m'bale wanga. Mulungu akuwonjezere."

"Mwakhuta chiyani?"

Manja a anthu anayamba kuyenda pang'onopang'ono. Aliyense pamenepo ankadziwa tanthauzo la munthu amene wabwera kudzagwirizana koma osadya. Ndiye kuti wabwera ndi miyendo, mtima wausiya kunyumba. Wapsompsona chifukwa amalume alipo. Wasfiya anaona makutu a Mutasim akufiira, monga ankachitira ali mwana akafuna kulira koma n'kusankha kukuwa.

"Mulungu, mutsekeni pakamwa," ananong'ona.

Mutasim anapisa dzanja, nang'amba nthuli ya pa phewa, yaikulu ngati dzira la nkhuku, naikweza kuti onse aione.

"Ndalumbira pamaso pa amuna awa. Suhad ndamusudzula ngati nthuli iyi simuidya."

Ku khitchini Suhad anamenyetsa chipande pa mphika. "Mwamuna uyu tsiku lina adzandisudzula chifukwa cha kapu ya tiyi," anatero, akazi ena n'kuseka. Lumbiro limeneli amuna amalitaya paliponse, pa khofi, pa mpando wakutsogolo m'galimoto, pa ndani alowe pakhomo poyamba. Koma likagwa pamaso pa mboni, palibe mlendo amene amalisiya pansi. Kulisiya ndiye kuti wamuvula mwini nyumba pabwalo pake, ndipo mawa azikafunsa kwa shehe ngati mkazi wake akadali wake.

Tahani anagwira phewa la Wasfiya mpaka zikhadabo kulowa. "Amayi, nenani kanthu."

Wasfiya anakhalabe pa kasitulu. Mkazi sakuwira amuna pazenera ali pa mbale. Ndiponso panali manda aja.

Fawwaz anayang'ana nthuli, nayang'ana mng'ono wake. Kenako anatambasula dzanja.

"M'dzina la Mulungu," anatero.

Anailuma pakati. Wasfiya anayamba kumuwerengera mumtima, imodzi, ziwiri, zitatu, ngati kuti angamve. Koma munthu sungatafune maulendo makumi atatu amuna khumi akukuyang'ana pakamwa. Pa chisanu ndi chimodzi anameza. Theka linalo anameza pa chinayi. Amuna anawomba m'manja, a Irsheid anati, "Basi, satana wathawa!" Mutasim, nkhope yonse mano, anaumba mpira wa mpunga ndi dzanja lake, wonona ndi msuzi, nauika m'dzanja la mkulu wake.

"Uwu ndi wa bambo athu."

Fawwaz anameza umenewonso.

Ndipo kwa kanthawi kochepa, Wasfiya anaona pa nkhope yake chinthu chimene sanachione masabata asanu. Fawwaz anatseka maso. Chakudya chinamukomera. Chimenechi ndicho chinamupweteka Wasfiya koposa zonse za tsikulo.

Kenako thukuta linayamba. Linatuluka pachipumi nthawi imodzi ngati amuthira madzi. Anagwira pachifuwa, nayesa kumwetulira, nati akukasamba m'manja. Anayenda mowongoka mpaka pa ngodya ya nyumba. Atangokhota, Wasfiya anamva mapazi akuthamanga.

Anadzuka, nadutsa pakati pa miphika, natulukira khomo lakuseri. Koma mawondo ake ndi a zaka makumi asanu ndi limodzi kudza zisanu ndi ziwiri. Mutasim anamuyambirira, atanyamula jagi ya madzi ndi thaulo latsopano, kuti amuthirire mkulu wake m'manja yekha, ulemu wa mwini nyumba.

Anamupeza kuseri kwa thanki ya madzi, atawerama, dzanja limodzi pakhoma, zala ziwiri za dzanja linalo zili kukhosi. Nyama inali itatsakamira, sinkatsika, sinkakwera. Kenako inatuluka, yonse, ndi mpunga womwe, pa dothi.

Mutasim anaima. Jagi inapendekeka, madzi akutayikira pa mapazi ake osawamva.

"Mpaka chala?" anatero. "Mpaka kudzipisa chala?"

Fawwaz ankapuma ngati ng'ombe yogwetsedwa.

"Ndakudyetsani chiyani, achimwene, poizoni? Ndakupsompsonani pamutu pamaso pa anthu. Mukanangonena kuti simunandikhululukire. Mukanandimenyanso, tsaya lina lilipo ili. Koma kudya mchere wanga n'kudzausanza kuseri kwa nyumba yanga ngati wa mdani?"

"Si choncho," anatero Fawwaz, mawu akuchita kukwawa.

"Nanga ndi chiyani? Nenani!"

Fawwaz anakweza mutu, naona mayi ake ali pa khomo. Maso ake anali ofiira, malovu ali pa ndevu. Anapukusa mutu pang'ono, kamodzi, kuwauza kuti ayi.

Mutasim anaponya thaulo pansi. "Chabwino. Mawa ndikupita. Mukadzamva kuti ndafera kumeneko musadzavutike kubwera ku maliro, mungadzasanzenso khofi."

Anatembenuka. Wasfiya anaona msana wake, ndipo anadziwa msana umenewo, ndi wa bambo ake. Ukatembenuka choncho si zaka ziwiri ayi. Anaganiza za manda, za dzuwa la tsiku lija, za dzanja lake pa mwala. Sanaganize nthawi yaitali. Analibe nthawi, ndipo anali atatopa.

"Ima pomwepo, chitsiru iwe. Mkulu wako anamudula chifu."

"Amayi!" anatero Fawwaz.

"Khala chete nawenso. Anamudula chifu ku Amman, masabata asanu apitawa. Chatsala n'chongati nthochi. Amadya masupuni atatu a dzira, ngati khanda. Nyama imeneyo ikanamung'amba m'kati, ulusi sunapole n'komwe. Waidya chifukwa cha iwe ndi malumbiro ako a pa msika. Wamva tsopano?"

Mawu a Wasfiya sanakhalepo aang'ono chibadwire. Kuseri kwa khoma kunali mpopi, ndipo amuna anali atayamba kale kusamba m'manja pamenepo. Madzi anasiya kutuluka. Kenako wina anatulutsa kakuseka kamodzi kudzera m'mphuno, n'kukasandutsa chifuwa. Wasfiya sanadziwe kuti anali ndani. Sizinafunike. Pofika madzulo Karak yense adzakhala atamva.

Mutasim sanaseke. Anatola thaulo lija, nalikung'untha, nayandikira.

"Achimwene... chifukwa cha zimene ndinanena zija?"

"Usadzikweze."

"Mukanandiuza. Ndikanaphika msuzi. Ndikanaphika madzi enieniwo, tikanamwa tonse."

"Ndikuuze iwe? Kuti ukanene pa ukwati wa ndani?"

Fawwaz anadziwongola pogwira thanki. Thaulo sanalandire. Anapukuta pakamwa ndi mkono wa mkanjo, nayang'ana mayi ake, nthawi yaitali.

"Munaika dzanja pa manda a bambo."

"Bambo ako anagona, sakumva njala, sakumva manyazi. Ine ndili ndi ana awiri amoyo."

"Chinthu chimodzi chokha ndinakupemphani. Chimodzi. Moyo wanga wonse anthu akhala akuyang'ana m'mbale yanga. Ndimafuna ichi chokha chikhale changa."

Zimene Fawwaz ananena zinali zoona. Za Wasfiya nazonso zinali zoona. Zoona ziwirizo zinangoima kuseri kwa thanki, pafupi ndi masanzi, ntchentche zitayamba kale kubwera.

Tahani anatuluka ndi makiyi a galimoto. Anatulutsira Fawwaz pa kageti kakuseri, kumene amatayira zinyalala, kuti asadutse pa tenti. Anapita naye ku Amman tsiku lomwelo. Madzulo Tahani anaimba: palibe chang'ambika, koma kukhosi ndi chifu zatupa, abwerere pa zamadzimadzi sabata yathunthu. Dokotala wakalipa kwambiri. Wasfiya anati amupatse foni. Panamveka kunong'onezana, kenako Tahani anati wagona.

Loweruka m'mawa Mutasim anaima ndi takisi pa geti, masutikesi ali pamwamba. M'manja anali ndi kabotolo kamene kale munali jamu, atakakulunga ndi kansalu.

"Ndi msuzi wa dzulo. Suhad wausefa kawiri, wayengula mafuta onse. Ndafunsa pa foni, akuti umenewu angamwe."

"Ali pamwamba. Afika m'bandakucha."

Anakwera. Wasfiya anaima pansi pa masitepe, akumvetsera. Mutasim anagogoda katatu. Anati, "Achimwene, ndine." Anadikira. Anati, "Ndege sidikira, achimwene." Anayesanso nthabwala, ina yake ya kuti tsopano mu Karak mwatsala wonenepa mmodzi yekha, amalume, koma mawu anamuthyokera pakati. M'kati munali zii, kupatula wailesi imene wina anaikweza pang'ono. Woyendetsa takisi anaimba hutala.

Anatsika wopanda botolo. Anapsompsona dzanja la mayi ake, naliika pachipumi.

"Mukanangokhala chete amayi, bwenzi akudana ndi ine ndekha."

"Ndipo iwe bwenzi ukudana naye. Pita, uchedwa. Wavala jekete lopyapyala, m'ndege mumazizira."

"Muzindiuza akamatsika makilo."

"Ndizikuuza ndikamawaona. Pita."

Wasfiya anaima pa geti mpaka takisi itakhota pa sitolo ya buledi. Zenera la pamwamba linali lotseka, koma katani inali itasunthidwa pang'ono, mpata wa zala ziwiri. Mwina inali choncho kale. Wasfiya sanafune kudzinamiza.

Loweruka lonse Fawwaz sanatsike. Lamlungu anatuluka kupita ku ntchito m'mawa kwambiri, ndipo podutsa pa khomo la mayi ake sanagogode monga amachitira masiku onse, kawiri ndi kiyi. Wasfiya anali maso, khofi ali pa moto. Anamva mapazi olemera akudutsa, geti kutseguka, geti kutsekeka. Anaganiza za depoti, za amuna a kumbuyo kwa basi, mawu atsopano amene akhala atawapeka pofika lero. Khofi anasefukira.

Cha m'ma teni Tahani anatsika ndi thumba la pulasitiki, akuyang'ana pansi.

"Akuti ndidzatenge mathalauza. Akuti akapereka kwa telala wa kumsika."

"Telala wa kumsika amasoka ngati akumanga mbuzi."

"Ndikudziwa amayi. Ndangotumidwa."

Wasfiya analoza mulu. Awiri omalizidwa, anayi osakhudzidwa. Tahani anawapinda, nawalonga. Atatambasula dzanja kuti atenge la pa makina, Wasfiya analipanikiza ndi chikhatho.

"Ili ndalimasula kale. Sindipereka chinthu chong'ambika pakati kwa munthu wina. Umuuze kuti akalifuna atsike adzayese."

"Sabwera."

"Ndiye lizikhala."

Tahani anafika pa khomo.

"Iwe. Wadya chiyani m'mawa?"

"Yogati, masupuni awiri. Yachitatu wakana."

"Nanga botolo lija?"

"Lili mu furiji. Analowetsa okha. Kumwa sanamwe." Tahani anasintha thumba kupita dzanja lina. "Dzulo ndimafuna kulitaya, ndimati liwonongeka. Anandikalipira."

"Uliwiritse lero, ulibwezere momwemo. Usamuuze kuti ndanena ine."

Tahani atachoka, Wasfiya anakokera kasitulu pafupi ndi makina, navala magalasi. Thalauza linali chigonere momwe analisiyira Lachitatu, msoko wakumbuyo uli yasa, timaulusi tili lendelende. Muyeso wake unali wa sabata yatha, ndipo munthu amene ali pa zamadzimadzi sabata yathunthu sakhala pamodzimodzi. Anatenga choko, nalemba pa chala chimodzi ndi theka. Anayang'ana. Anafufuta ndi malovu, nalemba pa zala ziwiri. Anafufutanso. Ukachepetsa kwambiri, munthu amavala n'kuona ngati walephera. Ukasiya lalikulu, amaona ngati sukumukhulupirira.

Anabwerera pa chala chimodzi ndi theka, koma nsalu yotsalayo sanaidule, anangoipindira m'kati. Analumira mapini, naika phazi pa chopondera. Singano inayenda pang'ono, ulusi n'kuduka. Anatukwana motsitsa, nanyowetsa nsonga ya ulusi, nayamba kusakasaka diso la singano.